Choopsa si mkonono, koma pamene wati zii

Ndili Fomu 2 pasukulu ina yogonera komweko, m'hositelo mwathu munali mnyamata amene tinkamutcha chigayo. Magetsi akangozimitsidwa, pasanathe ndi mphindi khumi zomwe, iye anali atayamba kale kugaya. Mkonono wake unkamveka mpaka pakhonde. Ena ankamugenda ndi nsapato, ena kumutsina mphuno, ena kumukoka bulangete. M'mawa pamzere wa phala tinkamuyerekezera, anthu n'kumafa nalo phwete. Ineyo ndinali katswiri pa kuyerekezerako, ndipo ndinkadziwa pomwe pamaseketsa kwambiri. Mkonono uja unkakwera, kukwera, kenako n'kungoti zii. Tonse n'kudikira. Ndiye mwadzidzidzi ankadzidzimuka ndi phokoso ngati la munthu amene watsamwa, n'kuyambiranso kugaya.

Masana mnzathuyu ankangosinza m'kalasi. Aphunzitsi ankati ndi waulesi. Anagwadapo panja kangapo, anatchetchapo bwalo la mpira kangapo. Tili Fomu 3, patchuthi china, anamuchita opaleshoni yochotsa ma tonsils chifukwa ankatupa pafupipafupi. Atabwerera kusukulu, chigayo chinali chitatseka, ndipo kusinza kuja kunatheranso pomwepo. Ife sitinaganizepo kanthu. Tinangodandaula kuti nthabwala yathu yatha.

Panapita zaka ndisanazindikire kuti pa zii paja, pomwe ife tinkagwira pakamwa kudikira kuseka, mnzathuyo sankapuma.

Maganizo anga ndi awa, anzanga: tisiye kutenga mkonono uliwonse ngati nthabwala. Mkonono umene umadukizadukiza ndi chizindikiro cha matenda otchedwa sleep apnea, kapena kuti kubanika m'tulo. Matendawa ali ndi chithandizo. Vuto lake n'lakuti mwini wake sawaona, chifukwa amachitika iye ali mtulo. Amene amawaona ndi munthu amene ali maso pafupi naye. Nthawi zambiri munthu ameneyo ndi inuyo, amene mukuwerenga usiku kukonzekera mayeso nyumba yonse itagona.

Chimachitika n'chiyani pakhosipo?

Gwirani kutsogolo kwa khosi lanu, m'munsimu. Mukumva timizeremizere tolimba? Timeneto ndi timafupa tofewa tokhala ngati mphete, timene timagwira njira ya mpweya yopita kumapapo kuti isaphwafuke. Pa Biology paja mumaitcha trachea. Koma kumtunda kwake, kuseri kwa lilime ndi kuseri kwa mphuno, kulibe mphete zoterozo. Chigawo chimenechi, pharynx, ndi mnofu wokhawokha. Chimakhala chotseguka chifukwa minofu yozungulira ikuchikoka.

Tili maso, minofuyi imakhala yokungika. Tikagona imamasuka, monga momwe dzanja limatayira cholembera munthu akamasinza. Kwa anthu ambiri njira ija imangochepa pang'ono, mpweya n'kumadutsabe bwinobwino. Kwa ena imachepa kwambiri, ndipo mpweya podutsa mopanikizika umagwedeza mbali yofewa ya kumwamba kwa m'kamwa ndi kanyama kolendewera kaja mumakaona pagalasi mukayasamula. Kugwedezeka kumeneko ndiye mkonono.

Tsopano tengani kachidutswa ka chubu chakale cha njinga. Mukakoka mpweya mbali imodzi, chubucho chimaphwafuka, mbali zake n'kumatana. Mukakoka mwamphamvu, m'pamenenso chimamatana kwambiri. N'zimene zimachitika pakhosi pa munthu wobanika m'tulo. Chifuwa chikukoka, diaphragm ikugwira ntchito yake, koma njira yatsekeka. Mukamuyang'ana muona chifuwa ndi mimba zikukwera n'kutsika, koma pamphuno ndi pakamwa sipakutuluka kanthu. Mkonono wasiya chifukwa palibenso mpweya woti ugwedeze chinthu. Mawu akuti apnea anachokera ku Chigiriki, ndipo amatanthauza kupanda mpweya.

Mtundu umenewu, wa kutsekeka kwa njira, madokotala amautcha obstructive sleep apnea, ndipo ndi umene uli wofala kwambiri. Ulipo mtundu wina, central sleep apnea, umene njira imakhala yotseguka koma ubongo ndi umene umasiya kaye kutumiza uthenga woti munthu apume. Umenewu umapezeka kwambiri mwa anthu amene mtima wawo wafooka, amene anadwalapo sitiroko, kapena amene akumwa mankhwala amphamvu opha ululu a gulu la morphine. M'nkhani ino tikamba za mtundu woyambawo.

Ubongo umakudzutsani, koma m'mawa simukumbukira

Mpweya ukasiya kulowa, okosijeni m'magazi amayamba kutsika, carbon dioxide n'kumakwera. Kachipangizo kaja anamwino amakupanitsani pachala, kamene ambirife tinakadziwa nthawi ya COVID-19, kamasonyeza pakati pa 95 ndi 100 mwa munthu wabwinobwino. Mwa munthu wobanika kwambiri m'tulo, nambalayi imatha kutsika kudutsa 80.

Ubongo sulola kuti zimenezi zipitirire. Umamudzutsa munthuyo kwa masekondi ochepa chabe, minofu ya pakhosi n'kukungika, njira n'kutseguka, mpweya n'kulowa ndi phokoso lija la kutsamwa. Kenako munthuyo amagonanso, minofu n'kumasukanso, zonse n'kuyambira poyamba. Kudzukaku kumakhala kwakufupi kwambiri moti m'mawa sakumbukira chilichonse. Mukamufunsa, amati, "Ine ndagona usiku wonse osatembenuka." Ena amadzuka ndithu ali wefuwefu, mtima ukugunda, n'kuganiza kuti winawake amawakanyanga pakhosi usiku. Pamenepo ena amayamba kukayikira anansi awo, chonsecho chowakanyangacho ndi lilime lawo lomwe.

Madokotala amawerenga kubanikaku. Kuti kuwerengedwe, kupuma kumayenera kuima, kapena kuchepa kwambiri, kwa masekondi 10 kapena kuposerapo. Ndiye amaona kuti zachitika kangati pa ola limodzi la tulo. Mwa munthu wamkulu, kosakwana kasanu pa ola ndiye kuti zili bwino. Kuyambira ka 5 mpaka ka 14 ndi matenda ochepa, ka 15 mpaka ka 29 ndi apakatikati, ka 30 kapena kuposerapo ndi aakulu. Mwa ana malire ake ndi otsika kwambiri: ngakhale kopitirira kamodzi pa ola, dokotala amatchera khutu.

Tiyeni tichite masamu pang'ono. Munthu wobanika ka 30 pa ola, akagona maola 7, ndiye kuti wabanika ka 210 usiku umodzi. Taganizani mnzanu akukugwedezani ka 210 usiku, kamodzi pa mphindi ziwiri zilizonse, kenako m'mawa aphunzitsi a Masamu akukufunsani chifukwa chimene mukusinzira. Mungayankhe chiyani?

"Amenewo si matenda a anthu onenepa?"

Ambiri amatero, ndipo akunena zoona mbali imodzi. Kunenepa kwambiri ndiye chinthu chachikulu chimene chimabweretsa vutoli mwa akuluakulu, chifukwa mafuta amaunjikana m'khosi ndi m'lilime momwe, njira n'kuchepa. Ngakhale mbiri ya matendawa inayambira pamenepo. M'buku la Charles Dickens lotchedwa The Pickwick Papers, limene linayamba kutuluka mu 1836, muli mnyamata wonenepa dzina lake Joe, amene amangogona paliponse n'kumaliza mkonono. Mu 1956 madokotala ena anatenga dzina la bukulo n'kutcha vuto la kunenepa kophatikizana ndi kusinza ndi kupuma mopereweza kuti Pickwickian syndrome. M'zaka za m'ma 1970, Christian Guilleminault ndi anzake a ku yunivesite ya Stanford ku America anafotokoza bwino za kubanika m'tulo, n'kusonyeza kuti kumagwiranso anthu osanenepa, ngakhalenso ana.

Mnzathu uja sanali wonenepa. Mwa ana ndi achinyamata, chimene chimatseka njira kawirikawiri ndi ma tonsils akuluakulu, ndi tinyama tina tofanana nawo tokhala kuseri kwa mphuno totchedwa adenoids. Ena anangobadwa ndi nsagwada ya m'munsi yaing'ono kapena yobwerera m'mbuyo, ndiye lilime limasowa malo n'kumagwera kukhosi. Mphuno yotsekeka nthawi zonse imawonjezera vutoli. Amuna amadwala kwambiri kuposa akazi, koma amayi akasiya kusamba chiopsezo chawo chimakwera. Ukalamba nawo umafooketsa minofu. Mowa ndi mankhwala ogonetsa zimamasula minofu ya pakhosi mopitirira, n'chifukwa chake munthu akabwera ataledzera mkonono wake umakhala wina. Fodya amatupitsa njira ya mpweya.

Ndipo si matenda osowa ayi. Mu 2019, magazini ya zachipatala ya The Lancet Respiratory Medicine inasindikiza kafukufuku amene anayerekeza kuti padziko lonse anthu pafupifupi 936 miliyoni a zaka zapakati pa 30 ndi 69 ali ndi vutoli, ndipo mwa iwo pafupifupi 425 miliyoni ali nalo lapakatikati kapena lalikulu. Ambiri mwa anthu amenewa sanayezedwepo.

Zimene kubanika kumawononga

Choyamba ndi tulo tenitenito. Tulo tili ndi magawo, ndipo thupi limafunika kufika pa tulo tofa nato kuti lipume mokwanira. Ubongonso umagwiritsa ntchito nthawi ya tulo kusunga zimene mwaphunzira masana. Munthu amene akudzutsidwa mphindi ziwiri zilizonse sakhalitsa pa magawo amenewa. Amadzuka mutu ukuwawa, kukamwa kuli gwa, thupi lili lolemera. Amaiwalaiwala, sachedwa kupsa mtima. Ana ang'onoang'ono ena sasinza n'komwe, m'malo mwake amakhala osakhazikika ndi ovuta m'kalasi, amapumira kukamwa, ena amakodza pogona ngakhale atakula, ndipo ena sakula bwino.

Chachiwiri ndi mtima. Nthawi iliyonse ubongo ukamudzidzimutsa munthu, thupi limatulutsa adrenaline ngati kuti wakumana ndi galu wolusa. Mtima umathamanga, mitsempha ya magazi imafinyika, BP imakwera. Zikamachitika kambirimbiri usiku uliwonse kwa zaka, BP ija imayamba kukhala yokwera ndi masana omwe. N'chifukwa chake munthu amene akumwa mitundu itatu ya mankhwala a BP koma siikutsika, madokotala amafuna kudziwa mmene amagonera. Kubanika m'tulo kumayenderanso limodzi ndi sitiroko, kugunda kwa mtima kosalongosoka, ndi matenda a shuga. Palinso china chodabwitsa. Chifuwa chikamakoka mwamphamvu njira ili yotseka, mtima umatamuka, n'kutulutsa homoni youza impso kuti zichotse madzi m'thupi. Ndiye munthu amadzuka katatu kapena kanayi usiku kukataya madzi, iye n'kumaganiza kuti vuto ndi chikhodzodzo.

Chachitatu ndi ngozi. Pa 1 Disembala 2013, sitima ya pamtunda yonyamula anthu inagubuduzika ku Bronx mumzinda wa New York. Inalowa pakona pofunika kudutsa pa liwiro la makilomita 48 pa ola ikuthamanga makilomita 132 pa ola. Anthu anayi anafa, oposa 60 anavulala. Bungwe la boma la America lofufuza ngozi, NTSB, linapeza kuti woyendetsa anali atasinza, ndipo anali ndi vuto lalikulu la kubanika m'tulo limene linali lisanadziwike. Kafukufuku wosiyanasiyana wasonyeza kuti madalaivala amene ali ndi vutoli koma sakulandira chithandizo amachita ngozi kuwirikiza kawiri kapena kuposa poyerekeza ndi anzawo. Tsopano ganizirani amalume anu oyendetsa thiraki usiku pamsewu wa M1, kapena achimwene anu a minibasi amene amasinza akangoima pasiteji. Mkonono wawo ukukhudza aliyense amene wakwera.

Chithandizo chilipo, ndipo si chimodzi

Chithandizo chimayamba ndi kuyeza. Kuyeza kwathunthu kumatchedwa polysomnography: munthu amagona usiku umodzi atamumata timawaya toyeza ubongo, mtima, mpweya wa pamphuno, kuyenda kwa chifuwa ndi okosijeni. Tilipo tizipangizo tina ting'onoting'ono toyezera kunyumba. Zimenezi sizipezeka pachipatala chilichonse, koma dokotala kapena kiliniko ofesala angathe kuyamba ndi zimene ali nazo: kufunsa mafunso, kuyeza BP ndi sikelo, kuyang'ana kukhosi ndi tochi, n'kutumiza wodwalayo kwa madokotala a makutu, mphuno ndi kukhosi kuchipatala chachikulu ngati kuli kofunika.

Njira zina sizifuna ndalama. Kwa munthu wonenepa, kuchepetsa thupi kumathandiza kwambiri. Kafukufuku wa ku Wisconsin ku America, amene anasindikizidwa mu 2000, anapeza kuti munthu akatsitsa kulemera kwake ndi 10 peresenti, kubanika kwake pa ola kumatsika ndi pafupifupi 26 peresenti, ndipo akanenepa ndi 10 peresenti kumakwera ndi pafupifupi 32 peresenti. Kusiya mowa, makamaka wa madzulo, kusiya fodya, ndi kupewa mankhwala ogonetsa amene dokotala sanalembe, zonsezi zimathandiza. Anthu ena amabanika kwambiri akagona chagada, chifukwa lilime limagwera kumbuyo. Kwa oterowo kugona cham'mbali kumachepetsa vutoli. Njira yakale ndi kusokerera kathumba kumsana kwa malaya ogonera n'kuikamo mpira wa tenesi, kuti munthu akafuna kugona chagada uzimubaya. Chitsononkho cha chimanga chingagwire ntchito yomweyo.

Kwa ana amene ali ndi ma tonsils ndi adenoids akuluakulu, opaleshoni yochotsa zimenezi ndiye chithandizo choyamba, ndipo ambiri amachira kapena kupezako bwino kwambiri, monga zinachitikira ndi mnzathu uja.

Kwa akuluakulu amene ali ndi vuto lapakatikati kapena lalikulu, chithandizo chodalirika kwambiri ndi makina otchedwa CPAP. Nkhani yake ndi yosangalatsa. Kale, munthu wobanika kwambiri ankamuboola pakhosi n'kuikapo kapaipi kuti mpweya uzilambalala malo otsekekawo. Mu 1980, dokotala wina wa ku Sydney ku Australia, Colin Sullivan, anayesa njira ina pachipatala cha Royal Prince Alfred. Anatenga injini ya makina okokera fumbi m'nyumba, n'kuilumikiza kuti izipopa mpweya m'malo mokoka, mpweyawo n'kumalowa m'mphuno mwa wodwala ali mtulo. Kubanika kuja kunasiya usiku womwewo. Mu 1981 anasindikiza zotsatira za odwala asanu m'magazini ya The Lancet.

Kumbukirani chubu chija. Mukakoka mpweya chimaphwafuka, koma mukauzira chimatseguka. CPAP imachita zomwezo. Imatenga mpweya wamba wa m'chipinda, osati okosijeni wa m'silinda, n'kuupopa pang'onopang'ono kudzera m'chophimba cha pamphuno, kuti njira ikhale yofufuma usiku wonse. Nzeru imeneyi si yachilendo kwathu kuno. Akatswiri a yunivesite ya Rice ku Texas, mogwirizana ndi madokotala ndi anamwino a pachipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, anapanga makina a CPAP otsika mtengo othandiza makanda obadwa masiku asanakwane, n'kuwatcha dzina la Chichewa lakuti Pumani. Oyambirirawo ankagwiritsa ntchito timapampu topopera mpweya m'magalasi owetera nsomba. Vuto la makandawo ndi la m'mapapo, si la kukhosi, ndipo makina awo si ofanana ndi a akuluakulu. Koma mfundo yake ndi imodzi: kampweya kokankha pang'ono kamaletsa chinthu chofewa kuphwafuka.

Ndinene chilungamo, CPAP si mankhwala ochiziratu. Ili ngati magalasi a maso: imagwira ntchito pokhapokha mwaivala. Anthu ambiri zimawavuta kuzolowera kugona ndi chophimba kumaso, ena mphuno zimauma, ena amachivula pakati pa usiku. Kafukufuku wamkulu wotchedwa SAVE, amene anatuluka mu 2016 ndipo munali anthu oposa 2,700 amene anali kale ndi matenda a mtima kapena sitiroko, anapeza kuti CPAP inachepetsa kusinza masana ndipo anthu ankamva bwino m'thupi, koma sinachepetse chiwerengero cha odwalanso mtima kapena sitiroko. Pa avereji anthuwo ankavala makinawo maola atatu ndi pang'ono chabe usiku uliwonse, ndipo akatswiri amatsutsanabe kuti zikanatha bwanji akanamavala usiku wonse. Sayansi imayenda choncho. Chimene chili chotsimikizika n'chakuti munthu wovala CPAP mokhulupirika amasiya kubanika ndipo amakhala maso masana, zomwe kwa dalaivala kapena mwana wasukulu si nkhani yaing'ono.

Zilipo njira zinanso. Dokotala wa mano angathe kupanga kachipangizo kovala m'kamwa usiku, kokankhira nsagwada ya m'munsi kutsogolo kuti lilime lichoke kukhosi. Kamathandiza kwambiri amene vuto lawo si lalikulu. Alipo maopaleshoni okonza mphuno, kukhosi kapena nsagwada. Mu 2014 bungwe la FDA ku America linavomereza kachipangizo koikidwa pansi pa khungu pachifuwa, kamene kamatumiza timagetsi ku mtsempha woyendetsa lilime kuti lizisunthira kutsogolo munthu akamakoka mpweya. Mu Disembala 2024 bungwe lomwelo linavomereza mankhwala obaya otchedwa tirzepatide kwa akuluakulu onenepa kwambiri amene ali ndi vutoli, ndipo amagwira ntchito pochepetsa thupi. Njira ziwiri zomalizazi ndi zodula zedi.

"Koma ife tili ndi mavuto akulu kuposa mkonono"

Wina anganene kuti, "Kuno tikulimbana ndi malungo, TB ndi kolera. Makina a CPAP ndi odula, amafuna magetsi usiku wonse, pamene nyumba zambiri zilibe magetsi n'komwe. Kudziwa za matenda amene sungawachize kuli ndi phindu lanji?" Funso limeneli ndi lomveka, ndipo sindikunena kuti boma lisiye kugula mankhwala a malungo kuti ligule CPAP.

Koma taonani. Zambiri zimene tatchula pamwambapa sizifuna magetsi: kugona cham'mbali, kusiya mowa wa usiku, kuchepetsa thupi, kukayezetsa BP, kupita ndi mwana kuti akamuone kukhosi. Chachiwiri, BP ndi sitiroko si matenda a kunja. Ndani wa ife alibe wachibale amene amamwa mankhwala a BP, kapena amene anafa ziwalo mbali imodzi? Chachitatu, kungodziwa kokha kumasintha mmene timachitira ndi munthu. Mwana wosinza chifukwa chobanika safunika chibalo, afunika kuonedwa kukhosi. Bambo amene amagona pamsonkhano ndi kutchalitchi mwina si mphwayi. Ndipo dalaivala amene akudziwa kuti ali ndi vutoli angathe kuima n'kupuma akamva tulo, m'malo molimbikira mpaka kukagwera m'ngalande.

Palinso mbali ina yofunika kusamala. Si aliyense woliza mkonono amene akudwala. Anthu ambiri amaliza mkonono wosadukiza, makamaka akakhala ndi chimfine kapena akatopa, ndipo amadzuka ali bwinobwino. Komanso si aliyense wosinza m'kalasi amene akubanika. Achinyamata a zaka 13 mpaka 18 amafunika kugona maola 8 mpaka 10. Ngati mumagona 11 koloko muli pafoni, n'kudzuka 3 koloko m'bandakucha kuti muwerenge, musanamizire matenda. Vuto lanu ndi tulo tosakwanira, ndipo mankhwala ake mukuwadziwa.

Ntchito yanu ndi kumvetsera

Mu 2008, dokotala wina wa ku Toronto ku Canada, Frances Chung, ndi anzake anakonza mafunso asanu ndi atatu otchedwa STOP-Bang, othandiza kuona akuluakulu amene ali pachiopsezo. Mafunso ake ndi awa. Kodi munthuyo amaliza mkonono waukulu, womveka ngakhale chitseko chili chotseka? Amakhala wotopa kapena wosinza masana? Alipo amene anamuonapo akusiya kupuma kapena kutsamwa m'tulo? Ali ndi BP? BMI yake yaposa 35? Wapitirira zaka 50? Khosi lake, mukaliyeza ndi tepi ya telala, ndi lalikulu kuposa masentimita 40? Ndi mwamuna? Mayankho a "inde" akafika atatu, ndi bwino akaonane ndi achipatala, ndipo akafika asanu chiopsezo chimakhala chachikulu. BMI mumaipeza pogawa makilogalamu a munthu ndi kutalika kwake m'mamita kochulukitsidwa ndi iko komwe. Munthu wotalika mamita 1.7 amafika pa 35 akamalemera pafupifupi makilogalamu 101.

Onani funso lachitatulo. Mwini wake sangaliyankhe. Likufuna mboni.

Ndiye mukamva mkonono kunyumba kapena m'hositelo, mvetserani. Ukati zii, yang'anani wotchi kapena werengani chamumtima. Wafika masekondi 10? Watha ndi kutsamwa kapena kudzidzimuka? Zikubwerezabwereza? Zikuchitika masiku ambiri? Munthuyo masana amasinza? Lembani zimene mwaona. Ngati mwini wake wavomera, mungajambule mawuwo pafoni kwa mphindi zingapo kuti dokotala akamve yekha. Koma zojambulazo ndi za kuchipatala, si zoti mukaponye pagulu la WhatsApp.

Kunena kwake ndiye kumafuna nzeru, makamaka akakhala munthu wamkulu. Simungangoti, "Ababa, mumaliza mkonono ngati chigayo." Akukalipirani, ndipo nkhani ithera pomwepo. Dzerani kwa amayi. Auzeni kuti, "Amayi, usiku ndikuwerenga ndimamva ababa akusiya kupuma, kenako n'kutsamwa. Dzulo ndinawerenga mpaka masekondi 20. Ndawerenga kuti zimenezi zimakweza BP. Bwanji akakapita kukatenga mankhwala akawafotokozerenso adokotala?" Mwina amayiwo akhala akuzimva kwa zaka zambiri, osadziwa kuti ndi zoti n'kukanena kuchipatala. Akakhala mnzanu wa m'hositelo, muuzeni pambali, osati pamzere wa phala, ndipo mupite naye kwa a matron kapena a boarding master kuti makolo ake adziwe. Paja akulu anati wakutsina khutu ndi mnansi.

Musamupatse mankhwala alionse, ndipo musamuuze kuti ali ndi matenda akutiakuti ngati kuti ndinu dokotala. Inu mbali yanu ndi kunena zimene mwaona ndi kumva, momveka bwino, ndi manambala ake. Pa Biology amakuphunzitsani kuti kafukufuku amayamba ndi kuonetsetsa ndi kulemba. Apa ndi pomwe luso limenelo lingathandize munthu wa m'nyumba mwanu.

M'hositelo muja tinalimo anyamata oposa makumi awiri, ndipo tonse tinkamva kudukiza kuja usiku ndi usiku kwa chaka chathunthu. Panalibe ndi mmodzi yemwe amene anaganiza zowerenga masekondi kapena kukauza munthu wamkulu. Mnzathuyo anapulumuka mwamwayi, chifukwa ma tonsils ake ankawawanso masana. Akanakhala osawawa, bwenzi atalemba MSCE akusinza, ife tikumugendabe nsapato. Ifeyo tinali ndi chowiringula, sitinkadziwa. Inu mwadziwa tsopano, ndiye usiku uno mkonono ukati zii, yambani kuwerenga.